Paundi ndi dola: mmene nambala ya 4.86 inasandukira ulemu wa dziko

Kwa masiku angapo ndakhala ndikuyang'ana mndandanda wa mitengo yosinthira paundi ya ku Britain ndi dola ya ku America, kuyambira m'zaka za m'ma 1790 mpaka posachedwapa. Chimene chimayamba kuoneka ndi kutsika kwa paundi. Kwa mibadwo ingapo paundi imodzi inkagula madola 4.86, kenaka inafika pa 4.03, kenaka 2.80, kenaka 2.40, ndipo mu Sepitembala 2022 inangotsala pang'ono kulingana ndi dola imodzi. Woyang'ana mothamanga anganene kuti iyi ndi nkhani ya dziko lina limene linafooka pamene linzake linkakula, ndipo sangalakwitse kwenikweni. Koma ine chimene chandigwira maganizo ndi chakuti nambala zimenezi, ngakhale zimalembedwa pamzere umodzi, sizinkayeza chinthu chimodzimodzi m'nthawi zonsezi. Poyamba nambalayo inali chabe yankho la samu yogawa kulemera kwa zitsulo ziwiri, kenaka inakhala lonjezo la boma, ndipo lero ndi mtengo umene ogula ndi ogulitsa agwirizana pa ola limenelo. Mavuto aakulu amene Britain inakumana nawo pa nkhaniyi anabwera pamene atsogoleri ake anaiwala kumene nambalayo inachokera n'kuyamba kuiteteza ngati ulemu wa fuko.

Paundi ndi ndalama yakale kwambiri, ndipo dzina lake linachokera ku muyeso wa kulemera kwa siliva amene ankasulidwa kukhala mapeni 240. Kugawa kwa mapeni 12 pa sheleni ndi masheleni 20 pa paundi kunakhalapo mpaka pa 15 Febuluwale 1971. Dola ndi mwana wa dzana tikaiyerekeza ndi paundi. Lamulo la mu 1792 ndi limene linaikhazikitsa, potengera ndalama ya siliva ya ku Spain imene inkayenda kale m'madera a ku America. Ndalama ya ku Spain imeneyi inkawerengedwa ngati masheleni 4 ndi mapeni 6, kutanthauza mapeni 54, ndipo mukagawa 240 ndi 54 mupeza 4.44. Umenewu ndiwo unali mtengo woyamba wovomerezeka wa paundi m'madola, ndipo unapezeka ndi samu basi, popanda wina kufunsa kuti pakati pa mayiko awiriwa lolemera ndi liti.

Chimodzimodzinso 4.86. Britain inali itayamba kudalira golide kuyambira mu 1717, pamene Isaac Newton, amene panthawiyo ankayang'anira nyumba yosulira ndalama, analangiza kuti ndalama ya golide yotchedwa guinea ikhale ya masheleni 21. Mtengo umenewu unakometsa golide kuposa siliva, moti ndalama za siliva zinayamba kutuluka m'dzikomo, golide n'kutsala ngati maziko. Itatha nkhondo yolimbana ndi Napoleon, lamulo la mu 1816 linatsimikiza zimenezi, ndipo chaka chotsatira kunatuluka ndalama yachitsulo ya paundi imodzi yotchedwa sovereign, yokhala ndi golide weniweni wolemera pafupifupi magalamu 7.32. Ku America, malamulo a mu 1834 ndi 1837 anaika dola ya golide pa magalamu pafupifupi 1.505, zomwe zinapangitsa aunsi imodzi ya golide kukhala madola 20.67. Gawani 7.32 ndi 1.505, mupeza 4.86. Nambala imene pambuyo pake anthu anaivutikira kwambiri inangotanthauza kuti m'ndalama ina munali golide wochuluka kasanu, kuchotsako pang'ono, poyerekeza ndi mwa inzake.

M'nthawi ya golide mtengowu sunkasuntha kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wamalonda wa ku New York amene ankafuna kulipira ngongole ku London anali ndi njira ziwiri: kugula mapaundi kwa osintha ndalama, kapena kutenga golide, kumulongedza, kumulipirira inshuwalansi ndi kumukweza pa sitima yapamadzi. Osintha ndalama akakweza paundi kupyola zimene ulendo wa golide ukanadya, wamalondayo ankasankha sitima. Motero mtengo unkangoyenda masenti ochepa pamwamba kapena pansi pa 4.86. Mu 1866 chingwe cha telegalafu choyalidwa pansi pa nyanja ya Atlantic chinayamba kugwira ntchito modalirika, uthenga wa mitengo umene unkatenga masiku oposa khumi pa sitima n'kuyamba kufika tsiku lomwelo. Mpaka lero amalonda a m'misika ya ndalama amatchula mtengo wa paundi ndi dola ndi dzina loti cable, pokumbukira chingwe chimenecho.

Pali nthawi imodzi m'zaka zimenezo imene imasokoneza aliyense wokhulupirira kuti paundi yakhala ikungotsetsereka kuchokera pamwamba mosadukiza. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, boma la kumpoto linayamba mu 1862 kusindikiza ndalama zapepala zosasinthika ndi golide kuti lilipire asilikali ndi zida. Mapepalawa anachepa mphamvu kwambiri moti m'kati mwa chaka cha 1864 paundi imodzi inkagula madola apepala oposa 10. Paundi sinali itachita chilichonse chatsopano, inali dola imene inachoka pa golide. America inabwezeretsa kusinthanitsa mapepala ndi golide pa 1 Januwale 1879 pa mtengo wakale uja, ndipo 4.86 inabwerera pamalo pake. Ndimaganiza kuti kubwerera kumeneku, pamodzi ndi kumene Britain yomwe inachita mu 1821 itatha zaka 24 isakupereka golide kwa osunga mapepala ake, ndiko kunazika m'mitu ya akuluakulu a mabanki chikhulupiriro chakuti dziko laulemu likachoka pa golide chifukwa cha nkhondo liyenera kubwerera pa nambala yomweyo, zivute zitani.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndiyo inayesa chikhulupiriro chimenechi. Kuyambira mu 1916 Britain inagwira paundi pa madola pafupifupi 4.76 pogwiritsa ntchito banki ya J. P. Morgan ku New York, imene inkagula mapaundi pamsika ndi madola obwereka komanso ochokera ku katundu wa anthu a ku Britain amene anagulitsidwa ku America. Thandizoli litachotsedwa mu Malichi 1919, paundi inagwa mpaka pansi pa madola 3.50 kumayambiriro kwa 1920. Britain inatuluka m'nkhondo ili ndi ngongole yaikulu kwa America, mitengo ya zinthu itakwera kwambiri, ndipo misika ina ya nsalu ndi malasha ake italandidwa ndi mayiko ena. Komabe cholinga cha banki yaikulu ya dzikolo, Bank of England, motsogozedwa ndi Montagu Norman, chinali chimodzi, kubwerera pa 4.86.

Apa ndi pamene ndikufuna kuchedwapo, chifukwa ndi pamene nambala ya samu ija inasanduka nkhani ya ulemu. Mu Epulo 1925 Winston Churchill, amene anali nduna ya zachuma, analengeza kuti paundi yabwerera pa golide pa mtengo wa nkhondo isanayambe. Amene ankagwirizana ndi ganizoli sanali anthu opusa. Ankanena kuti anthu a m'mayiko ambiri anasungitsa chuma chawo ku London pokhulupirira kuti paundi ndi magalamu 7.32 a golide, ndipo kuwabwezera paundi yopepukirapo kukanakhala kuwabera mwaulemu, zomwe zikanachotsa London pa udindo wake monga likulu la mabanki a dziko lonse. Katswiri wa zachuma John Maynard Keynes anatsutsa poyera, ponena kuti pa mtengo umenewo paundi yakwezedwa ndi pafupifupi 10 peresenti kuposa mphamvu yake yeniyeni. Tanthauzo lake kwa munthu wamba linali lakuti malasha, nsalu ndi zitsulo za ku Britain zinakwera mtengo kwa wogula wakunja popanda kusintha kulikonse pa ubwino wake, ndipo njira yokhayo yozitchipitsira inali kudula malipiro a antchito. Eni migodi ya malasha anachitadi zimenezo, nafuna kuti antchito alandire zochepa ndi kugwira maola ambiri. Mu Meyi 1926 mabungwe a antchito anaitanitsa sitalaka ya dziko lonse imene inatha masiku 9, koma a m'migodi anapitiriza okha kwa miyezi ina yambiri mpaka njala inawabweza kuntchito pa malipiro otsika. Kuti golide asatuluke m'dziko, banki yaikulu inkayenera kusunga chiwongoladzanja pamwamba pamene anthu oposa miliyoni imodzi analibe ntchito. Pawiripawiri sipauzirika, ndipo boma linasankha kuuzira moto wa paundi n'kusiya wa mafakitale kuti uzilale.

Ntchito yonseyi inangokhala zaka zisanu ndi chimodzi. Mu Meyi 1931 banki yaikulu yamalonda ya ku Austria, Creditanstalt, inagwa, mantha anafalikira ku Germany, kenaka anafika ku London, kumene osunga ndalama akunja anayamba kuchotsa golide wawo. Boma linagawanika pa nkhani yodula thandizo la anthu osowa ntchito, asilikali apamadzi ku Invergordon anakana kugwira ntchito atamva kuti malipiro awo adulidwa, ndipo pa 21 Sepitembala 1931 Britain inachoka pa golide. Pofika Disembala paundi inali pansi pa madola 3.50. Chodabwitsa kwa ambiri panthawiyo n'chakuti tsoka limene ankaliopa silinabwere. Chiwongoladzanja chinatsitsidwa kufika pa 2 peresenti mu 1932, ntchito yomanga nyumba inakula, ndipo Britain inachira msanga kuposa France, imene inakakamira golide mpaka mu 1936. Kuonjezera apo, pulezidenti wa America Franklin Roosevelt atachotsa dola pa golide mu 1933 ndi kuika mtengo watsopano wa madola 35 pa aunsi mu Januwale 1934, paundi inakwera kupitirira madola 5. Nambala imene anthu anaidulira malipiro kuti ifike pa 4.86 inapyola pamenepo yokha, chifukwa chongoti dziko linalo lapeputsa ndalama yake.

Nkhondo yachiwiri itayamba mu 1939, paundi inamangidwa pa madola 4.03 ndipo boma linaletsa anthu kutulutsa ndalama m'dziko popanda chilolezo, malamulo amene anakhalapo mpaka mu 1979. Kuyambira pamenepa nambala ija inali lonjezo la boma. Msonkhano wa mayiko 44 ku Bretton Woods mu Julayi 1944, kumene Keynes ankalankhulira Britain ndipo Harry Dexter White ankalankhulira America, unagwirizana kuti dola ikhale yomangidwa ku golide pa madola 35, ndalama zina zimangidwe ku dola, ndipo zisasunthe kupyola 1 peresenti mbali iliyonse. Paundi, imene kale inali muyeso wa ndalama zina, tsopano inayamba kuyezedwa ndi dola. America inabwereketsa Britain madola mabiliyoni 3.75 pa mfundo yakuti paundi ikhale yosinthika momasuka ndi dola. Mfundoyi inayamba kugwira ntchito pa 15 Julayi 1947 ndipo inaimitsidwa pa 20 Ogasiti, patangotha masabata asanu, chifukwa aliyense amene anali ndi mapaundi anathamangira kukawasintha. Ngongole imeneyi inamalizidwa kubwezedwa mu Disembala 2006.

Pa 18 Sepitembala 1949 nduna ya zachuma Stafford Cripps, atakana kambirimbiri kuti sadzachita zimenezo, anatsitsa paundi kuchoka pa 4.03 kufika pa 2.80, kuchepa kwa 30.5 peresenti, ndipo mayiko ambiri amene ndalama zawo zinali zomangidwa ku paundi anatsatira m'masiku ochepa. Kuipa kwa lonjezo lotere n'kwakuti limapatsa ena chingwe chokukokera. Mu 1956, Britain, France ndi Israel zitaukira Egypt pa nkhani ya ngalande ya Suez, madola a m'nkhokwe za Britain anayamba kutha msanga, ndipo boma la America la Dwight Eisenhower linakana kuthandiza kufikira asilikali atavomera kuchoka. Nkhani ya paundi inali chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene nkhondoyo inathera msanga.

Harold Wilson atalowa m'boma ngati nduna yaikulu mu 1964 anapeza dziko likugula kunja zambiri kuposa zimene linkagulitsa, ndipo ena mwa alangizi ake ankaona kuti 2.80 singapirire. Koma chipani chake cha Labour ndicho chinali m'boma mu 1949, ndipo iye sanafune kuti chidziwike ngati chipani chotsitsa paundi. Kwa zaka zitatu boma linabwereka kunja, linaika msonkho wapadera pa katundu wolowa, linaimitsa kukwera kwa malipiro, ndiponso linachepetsa ndalama zimene munthu ankaloledwa kutenga popita kutchuthi kunja kufika pa mapaundi 50. Mapeto ake anali omwewo amene ankapewedwa. Pa 18 Novembala 1967 paundi inatsitsidwa kufika pa 2.40, kuchepa kwa 14.3 peresenti, ndipo James Callaghan anachoka pa unduna wa zachuma. Wilson anauza anthu pa wailesi yakanema kuti paundi ya m'thumba mwawo sinachepe mphamvu, mawu amene anamutsata moyo wake wonse, chifukwa aliyense anaona mitengo ya katundu wochokera kunja ikukwera. Ine ndimaona 1967 ngati 1925 wachiwiri, kusiyana kwake n'kwakuti nambala yotetezedwayo inalibe ngakhale kulemera kwa golide kumbuyo kwake. Inali nambala imene nduna ina inasankha zaka 18 m'mbuyomo.

Dola nayonso inali ndi tsiku lake. Madola amene anali m'manja mwa mayiko ena anachuluka kuposa golide amene America inali naye, makamaka chifukwa cha ndalama zowonongedwa pa nkhondo ya ku Vietnam ndi malonda akunja, ndipo pa 15 Ogasiti 1971 pulezidenti Richard Nixon analengeza kuti America yasiya kupereka golide kwa maboma obweretsa madola. Mgwirizano wa mu Disembala chaka chomwecho unaika paundi pa madola pafupifupi 2.60, koma mu Juni 1972 Britain inaisiya kuti msika uziipatsa mtengo. Chiyambire pamenepo boma la Britain silinalonjezenso mtengo wa paundi m'madola.

Zaka za msika zili ndi nambala zambiri, ndipo ndingotolapo zochepa. Mu 1975 mitengo ya zinthu ku Britain inakwera ndi 24 peresenti, mu Malichi 1976 paundi inatsika pansi pa madola 2 kwa nthawi yoyamba, ndipo nduna ya zachuma Denis Healey anapempha ngongole ya madola mabiliyoni 3.9 ku IMF, bungwe lobwereketsa ndalama mayiko amene ali pamavuto a zachuma. Pofika 1980, mafuta a m'nyanja ya North Sea ndi chiwongoladzanja chokwera zinaibweza pa 2.40. Mu Febuluwale 1985 inali pafupi ndi 1.05, ndipo chifukwa chachikulu chinali ku Washington, kumene Paul Volcker, mkulu wa banki yaikulu ya America, anakweza chiwongoladzanja kwambiri polimbana ndi kukwera kwa mitengo, dola n'kukwera pa ndalama pafupifupi zonse, mpaka mayiko asanu anagwirizana ku hotela ya Plaza mu Sepitembala kuti aitsitse. Kusuntha kuchoka pa 2.40 kufika pa 1.05 m'zaka zosakwana zisanu sikungafotokozedwe ndi kusintha kwa mafakitale kapena minda ya mayiko awiriwa. Ndi ndalama zothamangira kumene chiwongoladzanja chakoma.

Komabe chilakolako cha nambala yokhazikika sichinafe. Mu Okutobala 1990 Britain inamanga paundi ku ndalama za mayiko a ku Ulaya pa mtengo wa mamaki 2.95 a ku Germany. Germany ya kum'mawa ndi ya kumadzulo zinali zitangolumikizana kumene kukhala dziko limodzi, ndipo banki yake yaikulu inkasunga chiwongoladzanja pamwamba, pamene chuma cha Britain chinali chitalowa pansi ndipo chinkafuna chiwongoladzanja chotsika. Pa 16 Sepitembala 1992 boma linagula mapaundi ndi mabiliyoni a ndalama zakunja, linakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 10 kufika pa 12 peresenti, linalonjeza 15, ndipo madzulo a tsiku lomwelo nduna ya zachuma Norman Lamont analengeza kuti Britain yatuluka m'dongosolo limeneli. George Soros, wamalonda a ndalama amene anabetcha kuti paundi igwa, anapindula pafupifupi madola biliyoni imodzi. Paundi imene inali pa madola 2 kumayambiriro kwa mwezi umenewo inafika cha pa 1.50 chaka chisanathe, ndipo monga mu 1931, chiwongoladzanja chinatsika, chuma n'kuyamba kukula. Mwezi wotsatira boma linasintha cholinga, n'kuyamba kulondola kukwera kwa mitengo ya m'dziko m'malo mwa mtengo wosinthira ndalama, ndipo mu 1997 nduna ya zachuma Gordon Brown anapatsa Bank of England ufulu woika chiwongoladzanja yokha.

Sindikufuna kumveka ngati ndikunena kuti kutsika kwa ndalama n'kopanda ululu. Dziko logula chakudya ndi mafuta kunja limamva kupweteka msanga ndalama yake ikafooka, ndipo amene amavutika kwambiri ndi olandira malipiro ochepa. Ndiponso kutsika kwa paundi kuchoka pa 4.86 kuli ndi chifukwa chenicheni, chakuti kwa zaka zambiri, makamaka m'ma 1970, mitengo ya zinthu ku Britain inkakwera msanga kuposa ku America. Zimene ndikukana ndi kuwerenga nambalayo ngati malikisi a mayeso. Pamafunika mayeni oposa 100 kuti mugule dola imodzi, koma palibe anganene kuti Japan ndi dziko losauka, ndipo dinari ya ku Kuwait imagula madola oposa 3 popanda Kuwait kukhala wamkulu kuposa America. Tikabwerera ku golide kumene nkhaniyi inayambira, dola yomwe ikuoneka ngati yapambana nayo yapepuka kwambiri, pakuti aunsi imene inali madola 20.67 inapyola madola 2,000 mu 2020.

Zaka zaposachedwa zaonetsa mmene nambala yosamangidwa imagwirira ntchito. Mu Novembala 2007 paundi inafika pa madola 2.11, ndipo mavuto a mabanki atabuka inatsika pansi pa 1.40 pofika Januwale 2009. Usiku wa pa 23 Juni 2016, zotsatira za voti yotuluka mu European Union zikulengezedwa, inachoka pa 1.50 kufika cha pa 1.33 m'maola ochepa. Pa 23 Sepitembala 2022 nduna ya zachuma Kwasi Kwarteng analengeza kudula misonkho kwakukulu kolipiridwa ndi ngongole, ndipo Lolemba lotsatira, pa 26, paundi inafika pafupi ndi 1.03, mtengo wotsikitsitsa m'mbiri yake yonse ndi dola. Ulendo uno panalibe nambala yolonjezedwa imene wina anayenera kuiteteza, choncho nkhokwe za ndalama zakunja sizinakhuthulidwe pogula mapaundi. Bank of England inalowa mumsika wa ngongole za boma pa 28 Sepitembala kuti ipulumutse mabungwe osunga ndalama za penshoni, Kwarteng anachotsedwa pa 14 Okutobala, nduna yaikulu Liz Truss analengeza zotula pansi udindo pa 20 Okutobala, ndipo zambiri mwa mfundo za misonkho zija zinathetsedwa. Pofika Disembala paundi inali itabwerera pamwamba pa madola 1.20.